Tinalondola Njinga Kufikira ku Dzalanyama

Anthu ambiri a mu Lilongwe amaudziwa Mgona ndi maso okha. Akamadutsa pa Kanengo kunka ku Area 25 amaona madenga a malata adzimbiri atathithikana m'mbali mwa njanji, kufupi ndi mafakitale a fodya ndi nkhokwe zazikulu za chimanga zija, ndipo amayesa kuti aona zonse. Ife takhala kumeneko zaka zoposa 20. Tinachokera ku Dowa kudzafuna ganyu wa nyengo ya fodya, monga anachitira anzathu ambiri, ndipo nyengo itatha sitinabwerere. Likulu la dziko linasamukira kuno kuchokera ku Zomba mu 1975, sitima ya pamtunda inafika mu 1979, koma malo amene omanga mzinda anakonzera anthu wamba sanakwanire onse amene anadza. Otsalawo anadzipezera okha poima, naumba zidina, namanga. Mgona ndi umenewo.

Wofuna kuudziwa bwino adzuke tambala woyamba. Pa nthawi imeneyo amayi amakhala atandanda kale ndi zidebe pogulitsira madzi, ena akuyala ziguduli kuti ayambe kusankha mtedza, pakuti pano pali msika waukulu wa mtedza umene ogula ake amachokera ngakhale kunja kwa dziko. Mumdima womwewo mumamveka kulira kwa njinga zolemedwa. Ndiwo anthu a makala akulowa m'makwalala, matumba atasanjikizana pa kaliyala kupitirira mutu wa mwini njinga. Mkulu wathu, woyamba kubadwa mwa amayi athu, anali mmodzi wa iwo. Ulendo wake unali wa masiku atatu: tsiku lopita ku nkhalango ya Dzalanyama, usiku wogula ndi kumanga katundu, kenaka kubwerera pang'onopang'ono, kukankha pa zitunda ndi kugona pa makonde a masitolo. Ndi makala amenewo anaphunzitsa ana anayi. M'sabata yachiwiri ya Disembala 2022 ananyamuka monga mwa masiku onse, atatenga kamba wa chinangwa chophika, ndipo sanabwerenso.

Pano tiyenera kuulula cholakwa chathu, chifukwa popanda icho nkhani ino ikadakhala yaifupi. Kuotcha ndi kugulitsa makala popanda chilolezo nkoletsedwa ndi lamulo la nkhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020, ndipo mu 2015 boma linachita kutumiza asilikali kukalondera Dzalanyama. Tsono patapita masiku asanu, titapita kukanena ku polisi ya m'tauni, tinangoti munthu wathu anachoka pa njinga kunka ku geni. Atatifunsa kuti geni yanji ndipo kuti, tinazolika. Tinkaganiza kuti kapena wagwidwa, ndipo kutchula nkhalango kukhala kumuonjezera mlandu. Chitupa chake cha unzika anali atachisiya kunyumba poopa kuti chinganyowe ndi mvula. Wapolisi analemba zonse zimene tinamuuza, koma zimene tinamuuzazo sizikadathandiza munthu aliyense kupeza kanthu.

Inalinso nyengo ya kolera, mliri umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno pakati pa 2022 ndi 2023. Omwalira nawo ankaikidwa msanga, popanda mwambo wa masiku onse. Tinayendayenda m'misasa ya odwala, m'zipatala ndi kundende, kutchula dzina lake kwa aliyense wokhala ndi buku patebulo. Alamu athu, mkazi wake, sanamete, sanavale zakuda, ndiponso sanalole kuti munthu aimbe nyimbo ya maliro pakhomo pawo. Maliro opanda mtembo ndi chinthu chimene mwambo wathu sudziwa pochigwira. Anansi ankabwera, nakhala pa khonde, osadziwa ngati apepese kapena alimbikitse. Amayi athu ku Dowa, amene maso awo ayamba kuchita khungu, ankatifunsa pa foni funso limodzi lokha: "Mwana wanga wagona kuti?"

Amene sanatope ndi mwana wake wachisamba, mnyamata wa Fomu 3. Iyeyu amakonda kuwerenga mabuku a Chingerezi ogulidwa pa kaunjika, ndipo m'miyezi imeneyo anali ndi buku lotchedwa The Cold Dish, limene analemba Craig Johnson nalitulutsa mu 2004. Ndi loyamba mwa mabuku onena za Walt Longmire, sherifu wa dera la kumidzi ku Wyoming, kumadzulo kwa America. Kwathu kuno tikamva za a sherifu timaganiza za aja amabwera ndi kalata ya khoti kudzalanda katundu wa munthu wangongole. Kumeneko sherifu ndi wina: ndi wosungitsa lamulo m'boma laling'ono, wosankhidwa ndi anthu eni ake pa chisankho. Wyoming ndi dziko la mapiri ndi madambo a ng'ombe, lalikulu kuposa Malawi kawiri, koma anthu ake safika 600,000, ochepa kuposa a mumzinda wa Lilongwe mokha. Longmire ndi bambo woferedwa mkazi, mwana wake wamkazi akukhala kutali kumzinda, ndipo amafufuza milandu ali ndi chisoni chake cha iye mwini.

Ife sitinakondwe nalo bukulo. Tinaona kuti mwana amene bambo wake wasowa sayenera kugonera nkhani za mfuti ndi mitembo, ndipo tinamuuza chomwecho. Iye anayankha mwaulemu, maso ali pansi: "Bambo aang'ono, za mfutizo ine sindisamala nazo. Chimene ndaona n'chakuti munthu wosowa amapezedwa ndi amene adziwa malo, mitsinje yake ndi mabanja ake. Ife tikufunsa m'tauni, pamene abambo sanasowere m'tauni." Tinamudzudzula kuti asaphunzitse akulu, koma usiku umenewo sitinagone.

Kuyambira pomwepo mnyamatayo ankadzuka m'bandakucha kukaima potulukira anthu a makala, kufunsa mmodzimmodzi. Ambiri ankangopukusa mutu, pakuti pa ntchito yobisa munthu sakonda mafunso. Koma mu Ogasiti 2023 mkulu wina wa ku Chinsapo, atamva za kaliyala wowotcherera ndi zitsulo zomangira nyumba ndi pedulo wa mtengo, anaima nati njinga yotere anaiona itatsamira m'nyumba ya nyakwawa ina kufupi ndi nkhalango, ndipo anthu kumeneko amati ndi ya mlendo amene anatengedwa ndi madzi.

Tinanyamuka anthu anayi: ife abale ake awiri, alamu athu, ndi mnyamatayo. Za msewu wa m'tauni sitinenapo zambiri. Minibasi inatitsitsa kudepoti, ina inatitenga kudutsa Chinsapo kufika ku Likuni, ndipo patsogolo pake tinakwera galimoto ya matola kulowa msewu wafumbi wa ku Malingunde. Njira yonseyo tinkakumana ndi njinga za makala zikulowera kumene ife tinachokera, eni ake ali mbuu ndi fumbi, thukuta litalemba mizere pankhope. Alamu ankatembenuka kuyang'ana aliyense kufikira atabisika.

Chigwa cha Lilongwe m'mwezi wa Ogasiti ndi choyera ngati chikopa chosendedwa. Minda ili mapesi okhaokha, mphepo ikuulutsa fumbi, ndipo diso limafika kutali popanda cholitchinga. Koma apa ndi apo pamaoneka kankhalango kobiriwira, kozungulira, kokhala kokha pakati pa minda. Achinyamata obadwira m'tauni, dziwani kuti timeneto ndi manda. Pa chigwa chonsechi mitengo yachilengedwe yatsala makamaka pamene pagona anthu, chifukwa kumeneko nkhwangwa siloledwa popanda mawu a mfumu. Mnyamata wathu anayamba kuwerenga timankhalangoto ndi chala, ndipo atafika pa 14 analeka.

Ku Malingunde tinatsika kuti timwe tiyi. Pali phiri, pali mishoni yakale imene inakhazikitsidwa mu 1907 ndi sukulu yake ya ana osaona, ndipo m'dera lomwelo muli madamu awiri otchedwa Kamuzu pa mtsinje wa Lilongwe, loyamba lomangidwa mu 1966, lachiwiri mu 1989. Tinaima pamtunda kuyang'ana madzi ali phee, abakha a m'madzi akuyandama. Zinatitengera kanthawi kuti tizindikire chimene tinali kuona. Madzi amenewa ndi omwe aja alamu amaimira pa mzere m'mawa uliwonse ku Mgona, chidebe chili m'manja. Amachokera ku Dzalanyama, natsika ndi mtsinje, nasungidwa pano, nayeretsedwa m'tauni ndi a Lilongwe Water Board, nakwera m'mipope kufikira kwathu. Makala a m'mbaula yathu ndi madzi a m'ndowa yathu kwawo n'kumodzi. Zaka zonsezi tinali kudya za nkhalango imeneyi m'njira ziwiri, koma mwa ife anayi panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaipondamo.

Tisanapite kwa nyakwawa tinayamba tafika pa kapolisi kakang'ono ka kumudzi, kanyumba ka zipinda ziwiri. Tinapezapo sajeni wa imvi za m'mbali, wolankhula pang'onopang'ono. Nthawi ino sitinabise kanthu. Iye anamvetsera osatidula, kenaka anatulutsa buku lalikulu la chikuto cholimba, nanyowetsa chala, nabwerera m'mbuyo masamba ambiri kufikira mu Disembala. Zinalembedwa momveka: mwamuna wosadziwika, wa zaka za pakati, wopezedwa ndi amayi ofuna bowa m'mphepete mwa kamtsinje. Wachipatala anabwera, nayeza, napeza kuti anafa ndi madzi, popanda bala la chida. Thupi linali litaonongeka, losatheka kunyamula, ndipo anaikidwa pomwepo. Uthenga unatumizidwa ku mapolisi ena, koma unali uthenga wa munthu wopanda dzina wa ku nkhalango, pamene ife tinali titalembetsa munthu wa dzina wopita ku geni.

Sajeniyo sanatinyoze. Anatsegula kabati natulutsa kathumba ka pulasitiki, m'kati mwake muli kabuku ka ngongole kamene kanapezeka m'thumba la malaya. Inki yonse inali itasungunuka. Anati anakaumika padzuwa tsamba ndi tsamba, nayesa kuwerenga masiku angapo, koma anangotolamo manambala ndi mawu akuti "Mayi a" pamwamba pa mzere wina. "Ndinadziwa kuti ali ndi kwawo," anatero, "chifukwa munthu wokongoza anthu makala amakhala ndi anansi." Alamu anakalandira ndi manja awiri. Anadziwa chikuto chake, pakuti anachisoka okha ndi ulusi wakuda.

Mnyamata wathu ankamuyang'anitsitsa mkuluyo. Analibe chipewa chachikulu, kavalo kapena galimoto, ndipo nsapato zake zinali zokhomedwa kawiri. Anatseka ofesi, nasiya mawu kwa mnzake, nati atiperekeza wapansi.

Kwa nyakwawa anatiyalira mphasa pansi pa mtengo wa kachere. Tinaomba m'manja, nduna inatifunsa za ulendo, ndipo mkulu mwa ife anafotokoza, kuyambira kumudzi kwathu, mfunda wathu, kufikira tsiku limene munthu wathu anachoka. Mfumu inakhala chete nthawi yaitali. Kenaka inatuma anyamata, ndipo anatulutsa njinga. Matayala anali ataphwa, tcheni chitachita dzimbiri, koma pa chiwongolero panali pomangidwabe kansalu ka chitenje chobiriwira. Alamu anaimirira, nayenda masitepe atatu, nagwa pansi. Kulira kumene anakusunga miyezi isanu ndi itatu kunatuluka pamenepo, pabwalo la eni ake, ndipo amayi a m'mudzimo, amene sanatidziwe ndi dzina lomwe, anatuluka m'nyumba zawo nadzakhala nawo pansi, nalira nawo monga achitira pa maliro a mbale.

Mfumu inati: "Pepani, ana anga. Anthu ena anafuna kuigula njingayi, ena anati tiipereke kwa adzukulu amene anakumba. Ine ndinakana. Ndinati mwini wake adzabwera, ngakhale ndi mwana wa mwana." Inatiuzanso kuti mphasa imene anamukulungamo inachokera m'nyumba mwake momwe. Owerenga athu, ife a m'tauni timafulumira kunena kuti anthu a kumudzi atsalira. Sitidziwa ngati ku Mgona njinga yopanda mwini ikadagona usiku umodzi.

M'mawa mwake tinalowa m'nkhalango, sajeni ali patsogolo pamodzi ndi mmodzi wa adzukulu. Dzalanyama ndi mtandadza wa mapiri ochita malire ndi Mozambique. Boma la atsamunda linaipatula kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1922, ndipo kukula kwake ndi mahekitala pafupifupi 99,000. Mitsinje ya Lilongwe ndi Diamphwe imayambira m'menemo. Akuluakulu amati dzinalo linadza chifukwa kale munadzala nyama. M'zaka za m'ma 1970 boma linatsegulamo famu yaikulu ya ng'ombe, ndipo mnyamata wathu atamva zimenezi anamwetulira koyamba pa ulendo wonse, nati ndiye kuti nafenso tili nayo Wyoming yathu.

Koma chimene tinaona poyamba si nkhalango ayi. Kwa ola lathunthu tinayenda pakati pa zitsa zofika m'mawondo, zina zikuphukira timasamba tofiira, ndi mabala akuda a mauvuni akale pamene udzu sumera. Pena utsi woyera unkafuka pansi pa mulu wa dothi, mwini wake atathawa pomva mapazi. Patsogolo ndi pamene mitengo inayamba kuchuluka: mombo, tsamba, mtondo, muwanga, ndi masuku m'malo a miyala. Mphepo inasintha, kunazizira, ndipo tinamva mbalame zimene sitinazimvepo chichokere ku Dowa tili ana. Tinayenda osalankhula. Tinali kuganiza kuti mkulu wathu ankadziwa fungo limeneli sabata ndi sabata, ndipo sanatiuzepo.

Mdzukulu uja analoza kumwera nati kumeneko kuli Kaphirintiwa, pamene makolo Achewa ankati anthu oyamba anatsikira pamodzi ndi nyama, nasiya mapazi pathanthwe lisanaume, ndiponso Msinja, kumene kunali kachisi wa mvula wa Makewana. Nthano yomweyo imati mtendere unatha tsiku limene munthu anapeka moto natentha tchire, nyama zonse n'kumuthawa. Anainena akuseka, akupukuta manja ake akuda, pakuti nayenso ndi wootcha makala, ndipo sanabise.

Kamtsinjeko tinakapeza kali kouma, mchenga wokhawokha ndi timadziwe tobiriwira. Mwana wa zaka zisanu akadaoloka osavula nsapato. Alamu anafunsa ndi mawu otsika: "Bwana, madzi ake ati amene angatenge munthu wamkulu pano?" Sajeni sanayankhe ndi pakamwa. Anatitengera pa mtengo wa katope wa m'mphepete, natiloza m'mwamba. Pa nthambi zotalika kuposa munthu woimirira panali patakodwa zinyalala zouma, mapesi a udzu ndi chidutswa cha thumba. Anati mvula ikagwa kumapiri, pamene mitengo inatha, madzi salowanso pansi koma amatsika onse nthawi imodzi, ndipo angathe kufika pano kumwamba kuli nyenyezi. Anatisonyeza potsikira njinga, pamene matayala a anthu ambiri anakumba kanjira m'gombe, ndi muzu umene njinga inapezeka itakodwa, mamita ngati 200 kumunsi. Anthu a makala amaoloka usiku poopa olondera. Monga anaonera iye, madzi anayamba agwetsa njinga, ndipo mwini wake akadaitaya akadapulumuka. Koma zingwe za katundu zinapezeka zitamasulidwa mbali imodzi. Anali kuyesa kupulumutsa matumba.

Manda ali pa kachitunda, pansi pa msuku waukulu. Mtumbira unali utatsika ndi mvula, koma adzukulu anauzunguliza ndi miyala nabzala nkhadze kumutu. Pozungulira ponse panali zitsa zatsopano za chaka chomwecho. Msuku wokhawo, ndi mitengo ina isanu yoyandikana nawo, sinakhudzidwe. Mdzukulu anati palibe amene analamula, anthu angodziwa kuti pagona munthu.

Tinalambula udzu ndi manja, tinapemphera, ndipo mnyamatayo anatchula dzina la bambo wake mokweza, ndi mfunda womwe, kuti adzukulu alimve. Sajeni analilemba pa kapepala kuti akalilowetse m'buku lake pa mzere uja wa munthu wosadziwika.

Pobwerera tinakangana, ndipo sitichita manyazi kunena. Mmodzi wa ife anati mafupa ayenera kufukulidwa apite ku Dowa, akagone pakati pa abale ake monga mwa mwambo, ngakhale zitafuna makalata a boma ndi ndalama zimene tinalibe. Wina anati anthu amene anapereka mphasa yawo asanduka abale, ndipo kufukula kukhala ngati kuwauza kuti sanachite bwino. Alamu sanalowerepo. Titafika pamene foni imagwira tinaimbira amayi. Anafunsa ngati pali mthunzi. Tinati ulipo, wa msuku. Anafunsa ngati madzi safikapo. Tinati ndi pamtunda. Anakhala chete, kenaka anati: "Musiyeni agone. Koma mvula isanagwe mudzanditenge, ndikagwire dothi lake." Tinawatengadi mu Okutobala chaka chomwecho, ndipo chigawo chomaliza cha njira anachita kuberekedwa kumsana ndi mdzukulu wawo.

Mfumu inakana ndalama ya kusunga njinga, inangolandira nkhuku imene tinagula m'mudzi momwemo, ndi chipepeso chochepa cha adzukulu. Wokonza njinga wa pamsika anamata machubu, nathira mafuta pa tcheni. Titati tiikweze pa galimoto, mnyamata anakana. Anati abambo ake sanaikwezepo pa galimoto, ndipo iye afuna kuidziwa njirayo ndi miyendo yake. Tinachita mantha, koma amayi ake anati mlekeni. Buku lake lija analisiyira sajeni, amene analitembenuza uku ndi uku nati adzayesa kuliwerenga pa masiku opanda milandu.

Ife tinafika ku Mgona usiku. Iye anagona ku Likuni kwa mnzake wa kusukulu, nafika mawa lake dzuwa lili paliwombo, kaliyala ali wopanda kanthu, fumbi lofiira lili m'tsitsi ndi m'nsidze. Anansi anali atasonkhana kale pakhomo, pakuti tsopano anadziwa chochita, ndipo amayi a m'dera lathu anali atayamba nyimbo. Anatsamiritsa njinga pa khoma pamene inkakhala kale. Amayi ake anatunga madzi m'ndowa ndi chikho, namuthirira m'manja kuti asambe kumaso.